Kodi Zinalembedwa Pati? Za Mabuku a Anthu Okonza Ndege

Ife a kuno ku Songani ndege timaidziwa ndi khutu. Ikadzuka pa bwalo la asilikali ku Zomba, paja timangoti ku Airwing, n'kudutsa cha kuno, ana amasiya masewera n'kuyamba kuloza kumwamba. Koma ambiri a ife sitinakwerepo ndege, ndipo mwina sitidzakwerako. Tsono wina angafunse kuti: kodi nkhani ya mabuku a anthu okonza ndege ikufunanji m'kabuku kophunzitsa nzika za ufulu ndi udindo wawo?

Yankho lili pa zimene zinachitika pa 10 Juni, 2024. Tsiku limenelo ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, imodzi mwa ndege zimene zinkakhala pa bwalo la ku Zomba lomweli, inanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi ya 9:17 m'mawa kulunjika ku Mzuzu. M'katimo munali Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr. Saulos Klaus Chilima, ndi anthu ena 8, kuphatikizapo Mayi Patricia Shanil Dzimbiri. Ankapita ku maliro a Ralph Kasambara. Ndegeyo sinatere ku Mzuzu. Inapezeka mawa lake itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, onse atamwalira. Ndege ija inali katundu wa boma, kutanthauza kuti katundu wanu ndi wanga, ndipo mafuta ake ndi malipiro a oikonza zinkachokera ku msonkho umene timadula ngakhale pogula sopo. Tili ndi chifukwa chokwanira chofunira kudziwa m'mene ntchito yosamala ndege imayendera, ndi m'mene munthu amene panalibe angadziwire ngati ntchitoyo inagwiridwadi.

Kodi chimalembedwa n'chiyani, ndipo chifukwa chiyani?

Minibasi ikafera pano pa Songani, anthu amatsika, ena amagula chimanga chowotcha, dalaivala n'kuitana makaniko. Ndege ilibe m'mbali mwa msewu moti n'kuimamo. N'chifukwa chake okonza ndege sadikira kuti chipangizo chife. Zipangizo zambiri zofunika amazichotsa zikadali zooneka bwino, nthawi yake yoikika ikangokwana. Nthawiyo imawerengedwa m'njira zitatu: maola amene ndege yakhala m'mwamba, kuchuluka kwa maulendo amene yanyamuka ndi kutera, ndiponso masiku a pakalendala. Mwa zitatuzi, chimene chayamba kukwana ndicho chimalamula.

Maulendo amawerengedwa paokha chifukwa chitsulo chimatopa. Amene anadulapo waya alibe chodulira akudziwa zimenezi: umaupinda uku ndi uku, ukuonekabe wolimba, kenaka mwadzidzidzi n'kuduka. Ndege yaikulu ikakwera m'mwamba thupi lake limafufuma pang'ono chifukwa cha mpweya umene amapopera m'kati kuti anthu azipuma bwino, ndipo ikatsika limabwerera m'malo mwake. Miyendo yake nayonso imalandira kulemera konse nthawi iliyonse imene ikutera. Kutopa kotereku maso sangakuone mpaka mng'alu utayamba. Choncho makaniko akagwira chitsulo cha mu injini m'manja mwake, sangadziwe pongochiyang'ana ngati chatsala ndi maulendo 5,000 kapena asanu okha. Chimene chingamuuze ndi pepala. Chipangizo chotere chimakhala ndi nambala yakeyake yodindidwa pa icho, ndi mbiri yake yolembedwa kuyambira tsiku limene chinatuluka m'fakitale. Mbiriyo ikasowa, chipangizocho sichiloledwa kumangidwa pa ndege, ngakhale chitanyezimira motani.

Ife akatekisiti izi sizitidabwitsa. Mnyamata akabwera kudzalembetsa ukwati, Bambo Mfumu samufunsa kuti, "Kodi ukukumbuka kuti unabatizidwa?" Amaitanitsa kalata yochokera m'kaundula wa parishi imene anabatizidwira, pakuti amene anamubatiza mwina anasamutsidwa kapena anamwalira kale, ndipo mwini wakeyo anali khanda.

Popeza ndege zimadutsa malire a maiko, maiko anagwirizana malamulo amodzi. Pa 7 Disembala, 1944, mu mzinda wa Chicago ku America, anasainirana pangano limene linabala bungwe loona za ndege pa dziko lonse lotchedwa ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada. Malawi analowa m'panganoli m'chaka cha 1964, chaka cha ufulu wathu. Malamulo a bungweli amakakamiza kampani iliyonse yonyamula anthu pa ndege kusunga zolemba zoonetsa maola ndi maulendo onse a ndegeyo ndi a zipangizo zimene zili ndi malire a moyo wake. Nthawi imene yapita chiphwasulireni injini ndi zipangizo zina zikuluzikulu. Chilichonse chimene chinasinthidwa kapena kukonzedwa pa thupi la ndege. Ndi umboni wakuti ndondomeko ya sevisi imene boma linavomereza ikutsatidwa. Palinso machenjezo okakamiza. Vuto likapezeka pa ndege imodzi, boma la dziko limene ndege za mtundu umenewo zimapangidwa limalamula onse amene ali nazo kuti ayang'ane kapena asinthe chakutichakuti lisanafike tsiku lakuti, ndipo buku liyenera kuonetsa kuti chenjezo lililonse linatsatidwa liti.

Zolemba zimenezi sizitayidwa ndege ikadali pa ntchito. Zimasungidwa mpaka patapita masiku osachepera 90 ndegeyo kapena chipangizocho chitapumitsidwa kotheratu, ndipo mapepala a ntchito imodziimodzi amasungidwa chaka chathunthu kapena kupitirira. Ndege ikagulitsidwa, mabuku ake amapita nayo kwa mwini watsopano. Amalonda a ndege amadziwa kuti ndege yopanda mabuku mtengo wake umagwa kwambiri, chifukwa wogula ayenera kuyamba waphwasula ndi kusintha zambiri kuti akhulupirire chimene wagula.

Buku la tsiku ndi tsiku

Kuwonjezera pa mbiri yaitaliyi, ndege iliyonse yonyamula anthu imayenda ndi buku lake m'katimo. Woyendetsa ndege akaona kena kalikonse kachilendo, kaya ndi nyali imene ikuzimazima kapena injini imene yatentha mopyola, amalemba akangotera. Injiniya amabwera, amakonza, ndipo pafupi ndi dandaulolo amalemba chimene wachita, buku la malangizo limene watsata, nambala ya chipangizo chimene wachotsa ndi ya chimene wamanga, ndi tsiku. Kenaka amasaina ndi kulemba nambala ya chiphaso chake. Siginecha imeneyi si mwambo chabe ayi. Ndi iyo munthuyo akunena kuti, "Ine, wakutiwakuti, ndikuvomereza kuti ndege iyi ibwerere ku ntchito." Popanda siginechayo woyendetsa ndege saloledwa kunyamuka, ngakhale m'katimo mutakhala nduna imene yachedwa ku msonkhano. Ndipo siginechayo ikapezeka kuti ndi yabodza, chiphaso chimalandidwa ndipo munthuyo angathe kuimbidwa mlandu.

M'buku limeneli safufuta. Wolemba akalakwitsa amadula mzere umodzi pa mawu olakwikawo kuti aziwerengekabe, amasaina pambali, n'kulemba zoona. Masiku ano makampani ambiri amalemba pa kompyuta, koma lamulo lake ndi lomwelo: chimene chinalembedwa poyamba, ndi dzina la amene anachisintha, ziyenera kuoneka.

Kodi ndiye kuti kanthu kakang'ono kalikonse kakafa ndege imaima? Iyayi. Pali mndandanda wovomerezedwa ndi boma umene umatchula zipangizo zimene ndege ingathe kuuluka nazo zili zakufa, ndi kwa nthawi yaitali bwanji: zina masiku 3, zina masiku 10, zina zosafunika kwambiri masiku 120. Koma vutolo limalembedwa pamodzi ndi tsiku lake lomaliza, ndipo tsikulo likadutsa ndege siuluka. Taonani nzeru yake. Lamulo likuvomereza kuti sipeya nthawi zina imachedwa kufika, koma likukana kuti mawu akuti "tidzakonza" akhale opanda tsiku.

Pamene ntchito inagwiridwa koma osalembedwa

Malamulo amenewa sanangoganiziridwa mu ofesi. Ambiri anabwera maliro atachitika. Tiyeni tione zitsanzo za ku maiko ena, kumene ofufuza anaulula zonse poyera.

Usiku wa pa 10 Sepitembala, 1991, mu galaja ya ndege ya kampani ya Continental Express ku Houston m'dziko la America, amakaniko a shifiti ya madzulo anayamba kusintha zipangizo za pa timapiko ta kumchira kwa ndege ya mtundu wa Embraer 120. Mmodzi wa iwo, pofuna kuthandiza anzake kuti ntchito ifulumire, anakwera pamwamba n'kumasula timabawuti ta mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere. Nthawi yoweruka itakwana anapita kwawo, ndipo zoti kumanzere nakonso kwamasulidwa sizinalembedwe pa pepala losiyirana ntchito. A shifiti ya usiku anamaliza mbali ya kumanja, namanga bwinobwino. Ya kumanzere anaiona ngati sinakhudzidwe, pakuti mchira wa ndege imeneyi ndi wautali ndipo pamwamba pake sipaoneka munthu ali pansi. Timabawuti 47 sitinabwezeredwe. M'mawa ndegeyo inauluka ulendo woyamba popanda vuto. Pa ulendo wobwerera, chigamba cha kutsogolo kwa phikolo chinayoyoka m'mwamba, ndege inagwa pafupi ndi Eagle Lake ku Texas, ndipo anthu onse 14 anafa. Panalibe waulesi kapena wakuba pa nkhani imeneyi. Panali munthu wakhama amene anagwira ntchito koma osailemba.

Chitsanzo chachiwiri n'chosiyana, chifukwa ntchito inalembedwa ndi kusainidwa. Pa 10 Juni, 1990, ndege ya British Airways ya mtundu wa BAC One-Eleven, mtundu womwe Air Malawi inkayendetsa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, inanyamuka ku Birmingham. Itakwera m'mwamba galasi la kutsogolo linazuka, ndipo mphepo inakokera woyendetsa wamkulu kunja theka la thupi, anzake n'kumugwira miyendo mpaka ndege inatera ku Southampton. Mwa chisomo cha Mulungu palibe anafa. Ofufuza anapeza kuti galasilo linali litangosinthidwa kumene, ndipo mwa mabawuti 90, okwana 84 anali ochepa m'mimba mwake ndipo 6 anali aafupi. Mkulu wa amakaniko anasankha mabawutiwo poyerekeza ndi maso usiku, anamanga yekha, ndipo anasaina yekha kuti ntchito yake ili bwino. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake pa ntchito zina, makamaka zokhudza ziwongolero za ndege, lamulo limafuna munthu wachiwiri amene sanagwire nawo ntchitoyo kuti ayang'ane ndi kusaina payekha.

Ndipo tisaganize kuti izi n'zakale. Pa 5 Januwale, 2024, chotsekera pa khomo cha ndege yatsopano ya Boeing 737 ya kampani ya Alaska Airlines chinazuka m'mwamba itangonyamuka ku Portland. Chotsekeracho chinatsegulidwa ku fakitale kuti akonze kena kake, mabawuti anayi sanabwezeredwe, ndipo pepala loonetsa kuti chinatsegulidwa silinalembedwe n'komwe, kotero panalibe chimene chikanaitana woyang'anira kuti adzaone.

Batire la m'chaka cha 2004

Tibwerere tsono ku Chikangawa. Ndege ija inapangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1980, ndipo boma la Malawi linapempha bungwe la ku Germany lofufuza ngozi za ndege, lotchedwa BFU, kuti lifufuze. Bungweli linatulutsa lipoti loyamba mu Ogasiti 2024, ndipo lomaliza m'chaka cha 2025. Panalinso komiti yofufuza ya kuno kwathu yotsogozedwa ndi Justice Jabbar Alide, imene inapereka lipoti lake mu Disembala 2024. Malipotiwa analoza ku nyengo yoipa ndi chifunga, ndi kupitiriza ulendo m'munsi pamene oyendetsa sankaona bwino mapiri.

Koma m'lipoti la BFU muli mfundo imene ikukhudza phunziro lathu. Ndege zimakhala ndi kachipangizo kamene kamayamba kokha kutumiza chizindikiro cha wayilesi ndege ikagunda pansi, kuti ofunafuna adziwe kumene yagwera. Kachipangizo ka mu ndege ija sikankagwira ntchito, chifukwa batire lake linatha nthawi yake m'chaka cha 2004. Ofufuza anauzidwa kuti sipeya zake panalibe, ndiponso panalibe ndalama zogulira katsopano. Kuwonjezera apo kanali ka mtundu wakale umene masetilaiti opulumutsa anthu anasiya kuumvetsera pa 1 Febuluwale, 2009. Mu ndegemo munalibenso kabokosi kojambula mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege, kamene manyuzipepala amati black box, ndipo zimene oyendetsa ankalankhula pa wayilesi ndi oyang'anira za maulendo ku Lilongwe sizinajambulidwe. Njira imene ndegeyo inadutsa ofufuza anaipeza m'kachipangizo kolozera njira ka GPS kamene kanapezeka pa malo a ngozi.

Pano tiyenera kulankhula mwachilungamo. Kunena kuti batire ndilo linagwetsa ndege kungakhale kunama. Kunenanso kuti ndegeyo inagwa chifukwa cha ukalamba n'kulakwa, pakuti ndege yakale yosamalidwa motsata buku imauluka bwino, pamene ya Alaska ija inali ya miyezi yowerengeka. Chimene tikunena n'chakuti asilikali, apolisi ndi anthu a m'midzi anafunafuna m'nkhalango mpaka mawa lake popanda chizindikiro chowatsogolera, dziko lonse lili m'mdima. Ndipo pamene palibe mawu ojambulidwa, mphekesera ndizo zimadzaza malo. Mwamva nokha zimene zakhala zikunenedwa m'misika ndi pa mafoni, ndipo a Malawi ambiri mitima yawo sinakhazikike ndi malipotiwa. Mbali ina ya kusakhazikika kumeneku yabadwa chifukwa chakuti zimene zikanatha kutsutsa kapena kutsimikiza mphekesera sizinasungidwe.

Chimene chimandivuta ine kwambiri ndi zaka 20 zimenezo. Batire la kachipangizo kotere limakhala ndi tsiku lake lotha ntchito lolembedwa, ndipo n'chifukwa chake ofufuza anatha kutchula chaka. Apa tikuona kuti kulemba pakokha sikukwanira. Pafunika wolemba, pafunika woyang'ana kachiwiri, koma koposa zonse pafunika wowerenga amene sali pansi pa mwini ndege, amene ali ndi mphamvu yonena kuti, "Tsiku ladutsa, gulani china kapena ndege iime." Makaniko angathe kulemba vuto chaka ndi chaka, koma si iye amene amagawa ndalama.

Kodi wowerenga ameneyu ndani?

Pa ndege zonyamula anthu wamba, monga za Malawi Airlines imene inayamba kuuluka m'chaka cha 2014 Air Malawi itatha, wowerengayo ndi boma kudzera mu bungwe la Malawi Civil Aviation Authority, limene maziko ake ndi lamulo la za ndege la m'chaka cha 2017. Bungwe lotere limapereka ziphaso kwa mainjiniya, limayendera magalaja ndi kuwerenga mabuku, ndipo lili ndi mphamvu yoimitsa ndege. Nalonso limayenderedwa ndi a ICAO, amene amabwera kudzaona ngati dziko likuyang'aniradi ndege zake.

Ndege za asilikali nkhani yake ndi ina. Pangano la ku Chicago limanena poyera kuti silikhudza ndege za asilikali, za apolisi ndi za a kasitomu. Zimenezi dziko lililonse limaziikira malamulo akeake. Izi zili ndi chifukwa chake, pakuti msilikali pa nkhondo sangadikire chilolezo cha munthu wamba. Koma ndege ya asilikali ikayamba kunyamula atsogoleri ndi anthu wamba, n'zomveka kufunsa kuti chitetezo chawo chisachepere chimene akanapeza pa ndege ya kampani. A BFU analangiza zomwezo: kuti ndege zonyamula anthu zikhale ndi kachipangizo koitanira opulumutsa kamene kakugwira ntchito, ndiponso kuti mawu a pa wayilesi azijambulidwa ndi kusungidwa.

Apa ndi pamene inu ndi ine tikulowera. Mawu akuti "panalibe ndalama" ndi nkhani ya bajeti, ndipo bajeti amavomereza ndi aphungu amene timawasankha ife. Nyumba ya Malamulo ili ndi komiti yoona za chitetezo cha dziko, imene ingathe kuitana akuluakulu ndi kuwafunsa ngati malangizo a ofufuza anatsatidwa. Malamulo oyendetsera dziko lino a m'chaka cha 1994, mu gawo 12, amaphunzitsa kuti olamulira mphamvu zawo anachita kusungitsidwa ndi anthu, ndipo ayenera kuyendetsa zinthu poyera ndi kuyankha akafunsidwa. Gawo 37 limapatsa munthu ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ndipo lamulo lofotokoza m'mene ufuluwu ungagwiritsidwire ntchito, la m'chaka cha 2017, linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala, 2020. N'zoona kuti lamuloli limalola kubisa zinsinsi za chitetezo cha dziko. Koma ine sindikuona m'mene funso lakuti "Kodi mabatire a ndege zotsalazo anasinthidwa?" lingakhalire chinsinsi cha nkhondo. Phungu wathu akabwera pa msonkhano, limeneli ndi funso loyenera kumusenzetsa, ndipo akabweranso timufunse chimene anayankhidwa.

Komabe munthu amene safunsa buku la pa mudzi pake n'kovuta kuti afunse buku la ku likulu. Taganizirani za mjigo wathu. Marabala ndi mabushi ake amatha, ndipo aphunzitsi a za madzi amatiuza kuti azisinthidwa nthawi yake isanakwane yoti mjigo ufe. Mabanja amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi. Koma m'makomiti ambiri mukapempha buku mumapeza maina a osonkha okha. Tsiku limene anatsegula mjigo, chimene anasintha, amene anasintha, mtengo wake ndi lisiti, palibe. Mlembi akakwatiwa kumudzi kwina, mbiri yonse ya mjigo imapita naye, monga anachitira makaniko wa ku Houston uja poweruka. Ndipo kawirikawiri wogula sipeya, wosunga ndalama ndi wosaina amakhala munthu mmodzi.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Kodi buku la mjigo, la chigayo cha gulu kapena la komiti ya sukulu ya kwanu linawerengedwa liti komaliza pamaso pa anthu onse, ndipo analiwerenga ndani?

2. Ndi zinthu ziti za gulu m'mudzi mwanu zimene mwakhala mukunena kuti "tidzakonza" popanda kutchula tsiku?

3. Makaniko kapena mlembi akalemba vuto koma akuluakulu osachitapo kanthu, kodi apite nalo kwa yani?